Ka gap ka mufana wanga na mawaya anga

Tsegula foni yako, yenda ku zithunzi, uyang'ane bwino mwamene umasekela. Ngati pa zithunzi zonse milomo yako ni yotseka monga chikwama pakati pa mwezi, kapena dzanja lili pakamwa, ndiye kuti iwe na ine tidziwana. Ine ninakhala zaka zoposa 10 nikuseka na dzanja. Pa kitchen party, ku chechi, olo mu minibus kondakita akaponya nthabwala yabwino, anthu onse mano pabwalo, ine dzanja pakamwa monga nabisa nyama yakuba.

Mano anga anali opanikizana. Awili osongoka aja a kumwamba anamela pamwamba pa anzawo, kunja kwa mzele, monga anthu amene afika mochedwa pa Kulima Tower, apeza basi yadzala, manje alendewela pa chitseko. A kunsi nawo anali okwelana. Ku sukulu ananipatsa dzina la Dracula nili Grade 6, ndipo dzinalo linanipelekeza mpaka Grade 12.

Mufana wanga, last born wathu, anabadwa na mwayi wina. Mano oyela, oyima bwino, na ka gap pakati pa awili akutsogolo, kaja kamene Abemba amati umucene. Ambuya athu akabwela kuchoka ku Katete, asanaike na chola pansi, anali kumuitana: "Seka ndione, mdzukulu wanga. Kampata aka ndi ng'ombe imodzi yapadela pa malowolo." Ine ambuya sanali kuniuza kuti niseke. Anali kuniuza kuti nili na mtima wabwino. Udziwa kale tanthauzo lake.

Koma chimene chinanifikitsa kwa dokota wa mano sichinali kukongola iyai. Anali magazi. M'mawa uliwonse nikatsuka mano, thovu la Colgate linali kutuluka lofiila. Ndiye tsiku lina pa booth ya mobile money pamene nisebenzela, kasitomala anawelama kuti aniuze nambala, ine n'tayankha anabwelela kumbuyo pang'ono na kutembenuza nkhope. Sanakambe kanthu. Ine ninamvela.

Ba dokota atayang'ana m'kamwa ananionetsa pa galasi. Pamene mano akwelana, mswachi sufika. Chakudya chimatsalila, chimasanduka litsilo lomata, litsilo limauma monga simenti, nkhama zimatupa na kuyamba kutulutsa magazi na fungo. Anatsuka zonse, n'kuniuza kuti zizabwelanso ngati mano akhalabe mwamene alili. Ninafunsa ngati ni mlandu wanga. Anati mbali yaikulu ni chibadwa: mano aakulu pa nsagwada yaing'ono, malo sakwana. Koma ananifunsanso ngati ninachotsapo dzino la ubwana nthawi yake isanakwane. Ninakumbukila. Nili Grade 2 ananizula dzino la kumbuyo limene linawola na maswiti a pa kantemba, ndipo ba mami anati palibe vuto, lizamela lina. Zoona linamela lina, koma mano a ubwana, onse 20, ali na nchito yosungila malo mano aukulu. Limodzi likachoka msanga, oyandikana nalo amasendela pa malopo monga neba amene asuntha mpanda iwe uli ku maliro, ndipo mwini malo akabwela amamela kulikonse kumene apeza mpata. Ngati uli na mwana kapena mufana wamng'ono, ichi chokha uchisunge.

Atanichulila mtengo wa ma braces ninaseka, dzanja pakamwa monga mwa nthawi zonse. Inali ndalama yoposa malipilo anga a miyezi ingapo pamodzi. Ninatuluka n'kuyenda wapansi mpaka pa siteshoni nikudzitukwana kuti ninalowelamo chani. Panapita chaka chathunthu. Mnzanga wina anati nitenge kaloba, koma kaloba ya mano amene azatenga zaka ziwili kuti awongoke, uzalipila chiwongoladzanja mpaka mano a nzeru. Chimene chinanithandiza ni chilimba cha ife atsikana a ma booth. Itafika nthawi yanga yolandila ninapeleka yoyambila, yotsala tinagwilizana kuti nizilipila pang'onopang'ono ulendo uliwonse. Zipatala zambili za mano zimalola zimenezi, koma ufunika kufunsa na pakamwa pako, sazayamba ndiwo.

Asanaike waya ngakhale umodzi, ananijambula X-ray ya nsagwada yonse, anatenga chikombole cha mano, anamata kabowo kamodzi kamene sininali kudziwa kuti nili nako. Ndiye anati afunika kuzula mano anayi, ang'onoang'ono aja ali kumbuyo kwa osongoka, awili kumwamba, awili kunsi, kuti otsala apeze malo. Si onse amazulidwa, zimadalila kupanikizana kwake. Ba mami atamvela anaika mthiko pansi. "Ulipila ndalama kuti bakuchose meno yabwinobwino? Bana ba masiku yano, mwandi!"

Lekani nikufotokozele mwamene vinthu ivi vimasebenzela, chifukwa ukamvetsa apa, nkhani ya mufana wanga uzaimvetsa wekha. Ine ninali kuganiza kuti dzino linakhomeledwa mu fupa monga msomali mu thabwa. Si choncho. Pakati pa muzu wa dzino na fupa la nsagwada pali tuulusi twa mnofu tung'onotung'ono tumene tumagwila dzino. Dzino likakankhidwa pang'ono, tsiku na tsiku, fupa la mbali imene likuyenda limasungunuka kuti lipatse njila, ndipo kumbuyo kumene lachoka thupi limamanga fupa latsopano. Tuzitsulo tumene amamata pa dzino lililonse ni zogwilila chabe. Waya woyamba, wa nickel na titanium, uli na khalidwe lofuna kubwelela mwamene unapangidwila. Olo aupinde kuti ulowe pa dzino lililonse lokhota, umalimbana kuti uwongoke, ndipo powongoka umakoka mano. Koma womanga fupa ni thupi lako, ndipo thupi silithamanga. Dzino limayenda pafupifupi milimita imodzi pa mwezi. Bweleka rula ya mwana wa sukulu uone kuti milimita imodzi ni chani. Ndiye chifukwa chake anthu ambili amakhala nawo chaka na hafu, zaka ziwili, ena zitatu. Ine ninakhala nawo zaka ziwili na miyezi iwili, nikubwelela kwa ba dokota pa masabata 6 aliwonse.

Kuwawa kuliko, nisakunamize. Poika sipawawa. Kumabwela usiku wake, ndipo masiku atatu kapena anayi mano onse amakhala monga wina wawamenya na nkhonya. Ninakhalila phala, nsima yofewa na visashi, na panado. Tuzitsulo tunanikwechesa mkati mwa milomo mpaka zilonda, ninachila na madzi ofunda a mchele na ka phula kamene amakupatsa kuti umate pamene pakulasa. Ulendo uliwonse akasintha waya, nyimbo imayambanso, koma mofupikilako.

Chimene chinaniwawa kwambili ni chakudya. Chimanga chowotcha cha m'mbali mwa msewu, basi. Nzimbe, basi. Chiwaya, nshawa zokazinga, tute, bubble gum, michopo ya mafupa, kutsegula botolo na mano, zonse basi. Tsiku lina mu January fungo la chimanga linanigonjetsa pa City Market, ninaluma kamodzi chabe, ninamvela "twa!" kachitsulo kamatuka. Ninalipila kukamatanso, ndipo ba dokota anati nabweza nchito kumbuyo. Kuchokela apo ninaphunzila kukonola chimanga na zala monga nkhalamba. Ndipo kapenta na chibwabwa, iwe! Vimalowa mu mawaya monga vili na renti. Ukadya pa anthu, thamangila ku galasi ukalibe kuseka. Mswachi ninali kuyenda nawo mu chola, chifukwa ukachita ulesi kutsuka, tsiku lochotsa ma braces uzapeza mano owongoka koma ali na madontho oyela mozungulila pamene panali tuzitsulo, ndipo madontho aja ni chiyambi cha kuwola.

Panachitikanso chinthu chimene sininayembekezele. Anthu anayamba kuniona monga wa apamwamba. Makasitomala anayamba kuniitana "ba boss". Achibale amene sananitumilepo foni zaka zisanu anayamba kupempha ya talk time. Mawaya amene ine ninali kulipila na njala, kwa ena anali chizindikilo cha ndalama. Ndiye usadabwe kuona pa Facebook na mu ma salon ena a mu town akugulitsa ma braces a fashoni, a mitundumitundu, omata na guluu pa mtengo wa wigi yochipa. Amene amamata alibe X-ray, sadziwa ngati nkhama zako zili bwino, ndipo sudziwa ngati ka pliers kake kanatsukidwa kuchokela m'kamwa mwa amene anali pampando iwe ukalibe kufika. Ndipo waya sudziwa kuti ni wa fashoni. Ukamata pa mano umakoka ndithu, kulikonse kumene wafuna. Ku Thailand fashoni imeneyi inafika poipa mpaka boma linaletsa kugulitsa.

Manje nifike pa mufana wanga, chifukwa ndiye amene wanilembetsa zonsezi.

Mawaya atachotsedwa ninapenga. Selfie m'mawa, selfie masana, status iliyonse mano pabwalo. Usiku wina tili pa galasi tonse awili, iye ali na zaka 16, ninamuyang'ana n'kukamba moseka: "Naiwe ukayamba kusebenza uzavale ka window ako." Ninaiwala pamene apo. Iye sanaiwale. Ku sukulu anyamata ena anali atayamba kale kumufunsa ngati amapyoza malovu pa ka gap, ndipo manje mkulu wake, amene wangolipila ndalama zambili kuti mano akhale monga a pa TV, wakambanso chimodzimodzi. Mawu a ambuya a ng'ombe yapadela anali kutali ku Katete.

Anapeza mavidiyo pa foni a atsikana a kunja akuonetsa mwamene ungatsekele gap wekha. Utenga ka rubber band kang'ono, kaja timamangila tsitsi, ukulunga pa mano awili akutsogolo pogona. Anayamba. Patapita masabata awili gap inachepa ndithu, ndipo anakondwela. M'mawa wina anauka kalibe. Anaganiza kuti wakameza kutulo, usiku wake anaika kena. Nakonso kanasowa.

Sikanamezedwe. Dzino ni lalikulu kumene timaona, koma limanka lichepa kupita ku muzu, monga kaloti. Rubber band yokoka imafuna pochepa, ndiye imatelela kukwela, imalowa pansi pa nkhama, n'kupitiliza ulendo kutsata muzu. Kulikonse kumene yapita imadula tuulusi tuja togwila dzino na kudya fupa, ndipo kumbuyo kwake sikumangidwa kanthu.

Ife sitinadziwe. Chimene ninaona chabe n'chakuti mwana amene anali kuseka nyumba yonse kumvela, wayamba kudya nsima na mano a m'mbali, ndipo tsiku lina ba tate atakamba nthabwala zawo zakale zija, iye anaseka dzanja lili pakamwa. Dzanja lija ninalidziwa. Ninamukokela ku chipinda n'kumuuza kuti atsegule. Nkhama za kumwamba zinali zotupa, zofiila, na mafina. Mano awili akutsogolo anaoneka ataliko kuposa kale, ndipo n'tagwila limodzi na chala linagwedezeka.

X-ray inaonetsa kuti fupa lozungulila mano awiliwo ladyeka, koma sinaonetse chifukwa, pakuti rubber band sioneka pa X-ray. Ba dokota anamufunsa katatu ngati anagwa, ngati wina anamumenya, ngati anaikapo kanthu. Kachitatu analila n'kuulula. Anamulasa nyeleti ya dzanzi, anang'amba nkhama, anatulutsa tuma rubber band tuwili, twakuda, kufupi na nsonga ya mizu. Ananionetsa pa kambale ka chitsulo. Paketi yonse ya tuja ku maliketi siifika na mtengo wa basi yopita ku town. Mano awiliwo anawamangilila ku anzawo na kawaya kumbuyo kuti asagwedezeke, n'kutiuza mosabisa kuti limodzi lizakhala, linalo sangalonjeze.

Pobwelela mu minibus sitinakambe. Tili pafupi kuseluka anati, "Ba sisi, munakamba kuti ni window." Ninalibe yankho, ndipo mpaka lelo nilibe.

Chimene ba dokota anakamba tsiku lija, ndipo nifuna uchimvele iwe wa ka gap, n'chakuti gap ya mufana wanga sinali matenda. Inali kutsukika bwino kuposa mano anga, inali kuluma bwino, sinali kuwononga kanthu. Ena amakhala nayo chifukwa mano ni ang'ono pa nsagwada yaikulu, ena chifukwa kamnofu kaja kolumikiza mlomo wa kumwamba na nkhama kanatsika mpaka pakati pa mano, ndipo nthawi zambili imayenda m'banja. Mwana wa zaka 7 kapena 8 akakhala nayo, kawilikawili imachepa kapena kutsekeka yokha mano osongoka akamela, cha m'ma 11 kapena 12. Gap yofunika kuthamangila ku chipatala ni ija imene yabwela ukulu: unalibe, manje uli na zaka 30 mano ayamba kutalikilana na kugwedezeka. Iyo nthawi zambili ni nkhama zodwala, fupa likutha, ndipo ma braces si ndiwo mankhwala oyamba.

Za kukongola zokha, izo zimasintha monga mitengo ya pa Soweto. Makolo a Atonga na Aila kale anali kuchotsa dala mano akutsogolo a kumwamba, ndipo munthu wokhala nawo onse ndiye anali kusekedwa. Ku Nigeria na ku Ghana gap ni chuma, ena amachita kuipangitsa. Ise tayamba kuichita manyazi chifukwa cha mafilimu na ma filter. Sinikukamba kuti kuitseka ni tchimo. Ni pakamwa pako. Ngati waganiza wekha, mutu uli bwino, kuti suifuna, dokota angaitseke na ma braces kapena kuwonjezela mano awiliwo m'mbali na zomatila za mtundu wa dzino, ndipo azakuuza njila imene ikuyenela. Koma dzifunse kuti mawu amene ukumvela m'mutu ni a ndani. Mufana wanga anali kumvela anga.

Ngati mano ako ali monga anali anga, okwelana, otulutsa magazi, kapena akutsogolo anatuluka kwambili mpaka milomo sitsekeka, yenda akakuone, ndipo usaganize kuti wakula. Ine ninayamba nili na zaka 26, ndipo pa benchi yodikila ninali kukhala na amayi ena a zaka za m'ma 40. Ukalowa, yang'ana pa khoma ngati pali chiphaso cha Health Professions Council of Zambia, ndiwo amalembetsa madokota a mano muno, ndipo kufunsa si mwano. Funsa ngati dokotayo ma braces ndiyo nchito imene anaphunzila na kuchita kawilikawili, chifukwa si aliyense wozula dzino amadziwa kuyendetsa mano. Munthu amene afuna kumata tsiku lomwelo popanda X-ray, nyamula chola chako. Mtengo akulembele pa pepala, wonse: kuzula, maulendo onse, kachitsulo kakamatuka, na retainer. Ndipo ngati udziwa kuti chaka chamawa ungasamukile ku Kitwe kapena ku Solwezi, kamba poyamba, chifukwa mawaya osiyidwa m'kamwa popanda wowayang'anila ni oipa kuposa kusayamba.

Retainer ija nachula, ambili sauzidwa bwino. Mano ali na chikumbumtima choipa, amafuna kubwelela kumene anachoka, makamaka gap yotsekedwa na mano amene anali opotoka. Ukachotsa ma braces amakupatsa ka pulasitiki kovala pa mano kapena amamata kawaya kumbuyo, ndipo ka pulasitiki umavala usiku zaka na zaka. Ine pa nthawi ya mavuto a mufana ninakaiwala mu kabati miyezi itatu. N'takayesa kanakana kulowa bwino, ndipo dzino limodzi la kunsi lapotokanso pang'ono. Palibe amene amaona koma lilime langa, limapita pamenepo tsiku lonse.

Mwezi watha ambuya anabwela na basi ya ku Chipata, na thumba la nshawa zimene manje ningadye. Sitinawauze kanthu, ba mami analetsa. Atakhala pa mpasa anamuitana monga mwa kale: "Seka ndione, mdzukulu wanga." Mufana ananiyang'ana. Ndiye anatsitsa dzanja n'kuseka pang'ono. Gap yake manje ni yaikulu kuposa poyamba, chifukwa rubber band itafinya mizu pamodzi, mitu ya mano inatagadza. Ambuya anayang'anitsitsa na maso awo ofooka, n'kuwomba m'manja. "Kakula! Tsopano ndi ng'ombe ziwiri."

Pa Chinayi tibwelela kwa ba dokota kuti akaone ngati dzino la kumanzele lagwila. Napempha kale mnzanga kuti anikhalile pa booth.